Supuni ya Mankhwala pa Mafuta Atsopano

"Chimenecho n'changa! Sabata yatha munatenga ndinu, Mayi Wailesi, musatiyese ana."

"Taonani bodza la m'mawa! Chimene ndinatenga chija chinali chobooka. Ndinafika nacho kunyumba chikudontha ngati mphuno ya mwana wachimfine."

Amayi opakira mabisiketi anali atazungulira zidebe kuseri kwa fakitale, pafupi ndi mpopi. Pafakitale imeneyo mafuta akatha m'chidebe, chidebecho chinkakhala cha antchito, ndipo ankalandira mosinthana kuti azikatungira madzi kapena kusungira ufa kunyumba. Masiku onse ankagawana mwamtendere. Koma Lachinayi limenelo zidebe zinali zachilendo, zabuluu, za zivundikiro zothina bwino ndi zogwirira zachitsulo, ndiye aliyense anakumbukira mwadzidzidzi kuti papita nthawi asanalandire.

Kasikelo anatulukira pakhomo la kuseri atanyamula mapepala. Iye ndiye anali woyesa zakudya pafakitalepo, mwana wa mlongo wake wa mwini fakitale. Dzinalo anam'patsa ndi amayi omwewo chifukwa chilichonse ankachiika pasikelo. Ankati ngakhale moni amayamba wamuyeza asanam'patse munthu.

"Bwera utiweruze, Kasikelo," anatero Mayi Wailesi, amene pakamwa pawo sipankazima kuyambira polowa ntchito mpaka poweruka.

"Mlandu wake ndi wosavuta," anayankha Kasikelo akumwetulira. "Chaka chonse chino ine sindinalandirepo. Chokanganiranacho ndipatseni ine, mtendere ubwerere."

"Woweruza wadya mbuzi ya mlandu!" anafuula mayi wina, onse n'kufa nazo nseko. Koma chidebecho anam'patsa ndithu.

Kasikelo anawerama pampopi kuti anyowetse pepala lomatidwa pachidebepo, alimatule. Mwachizolowezi cha ntchito yake, maso anayamba kuwerenga okha. Dzina la kampani silinali lija ankalidziwa. Anatsikira m'munsi, kumene kumakhala tizilembo ting'onoting'ono, ndipo chala chake chinaima pa mzere umodzi. Mzerewo unkanena kuti mafutawo anathiridwa kale mankhwala oteteza, otchedwa TBHQ, mamiligalamu mazana awiri pa kilogalamu iliyonse.

Anatseka mpopi.

"Zidebe zimenezi zinayamba liti kulowa muno?"

"Lolemba," anayankha Mayi Wailesi. "Anabwera nazo okha abwana pagalimoto yawo. Akuti kumene tinkagula kale, mafuta anatha. Bwanji, waona njoka?"

Kasikelo ananyamula chidebe chili chidonthere, n'kulowa m'kati.

Mafuta a m'mabisiketi akakhalitsa amayamba kununkha ndi kuwawa. N'chifukwa chake opanga zakudya amathiramo mankhwala opangidwa m'mafakitale kuti asawonongeke msanga. Lamulo linkawalola mankhwalawo, koma linaika malire: mamiligalamu mazana awiri pa kilogalamu ya mafuta, osapitirira. Chiyambire, fakitale yawo inkagula mafuta opanda kanthu, n'kumathiramo yokha mankhwala ena otchedwa BHT. Ntchito yothira imeneyo inali ya munthu mmodzi.

Munthuyo anali m'chipinda chosakanizira, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi mogwirizana ndi kulira kwa makina. Anali bambo wa imvi, amene anayamba ntchito fakitaleyo ikadali ndi uvuni umodzi. Onse ankawatcha a Supuni, chifukwa supuni yawo yoyezera mankhwala sinkachoka m'thumba la pachifuwa, ndipo palibe ankaloledwa kuigwira.

"Bambo," anatero Kasikelo, "m'zidebe zabuluuzi mwakhala mukuthira mankhwala?"

"Funso lanji limenelo, mwana wanga? Chidebe chimodzi cha makilogalamu makumi awiri, supuni imodzi, yosalaza ndi mpeni. Magalamu anayi. Unayeza wekha pasikelo pako, unapeza kuti dzanja langa silinama. Ndinayamba zimenezi iwe usanamere mano."

"Tazimitsani makinawo."

A Supuni anazimitsa. Kasikelo anawaonetsa mzere uja, koma iwo anangotsinzinira n'kupukusa mutu.

"Zilembo zake ngati nyerere. Ndiwerengere."

Anawawerengera pang'onopang'ono, kawiri. A Supuni anayang'ana chidebe, anayang'ana thumba lawo la pachifuwa.

"Ndiye kuti ndakhala ndikuthira mchere m'ndiwo zothira kale?"

"Inde, bambo. Masiku atatu."

A Supuni anakhala pathumba la shuga. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinaphonyepo chidebe ngakhale chimodzi. Lero kusaphonyako n'kumene kwandigwetsa."

"Si inu mwalakwa. Palibe anakuuzani."

Kunja, kutsogolo kwa fakitale, lole inali itatsegula zitseko zakumbuyo ndipo anyamata anali mkati mopakira. Makatoni anali mazana atatu: zana la Lolemba, zana la Lachiwiri, zana la Lachitatu. Onse ankapita ku sitolo yaikulu ya nthambi zambiri, imene mwini fakitale anaithamangira zaka ziwiri zathunthu isanavomere kuyesa mabisiketi awo. Aka kanali koyamba kutumiza katundu kumeneko. Katundu sakanalandiridwa kumeneko popanda pepala losainidwa ndi woyesa zakudya, lotsimikiza kuti zonse zili m'malamulo. Mapepala a Lolemba ndi Lachiwiri Kasikelo anali atasaina kale. La Lachitatu linali m'manja mwake.

Anapeza amalume ake mu ofesi atavala tayi, nkhope ikuwala ngati ya mkwati. Anali munthu wabwino, mkulu wa mpingo, wosachedwa kuseka ndiponso wosachedwa kupsa mtima.

"Eya, wabwera nalo lomaliza? Saina, lole inyamuke dzuwa lisanakwere."

Kasikelo anaika chidebe patebulo.

"Ichi n'chiyani tsopano? Ukufuna ndikakutungire madzi?"

"Amalume, tawerengani apa."

Anavala magalasi, anawerenga, n'kugwedeza mutu mokondwa. "Si izo! Mafuta obwera ndi chitetezo chake. N'chifukwa chake ndinawakonda."

"Koma a Supuni nawo akhala akuthira athu aja pamwamba pake. Makatoni onse ali panjawo ali ndi mankhwala owirikiza kawiri."

Amalume anavula magalasi. Anagogoda tebulo ndi chala. Kenaka nkhope yawo inamasuka ngati munthu amene wapeza njira yachidule.

"Taima. Awa akuti TBHQ, athu ndi BHT. Maina awiri, mankhwala awiri. Awa ali pa mazana awiri, awo ali pa mazana awiri. Palibe wadumpha mpanda."

"Lamulo limawawerengera pamodzi, amalume. Lole yololedwa matani asanu simungaikemo matani asanu a ufa ndi matani asanu a shuga, n'kumauza apolisi kuti katundu wake ndi wosiyana."

"Usandiphunzitse za malole. Ndiuze chimodzi: munthu afa?"

Kasikelo akanatha kuwaopseza, ndipo mwina nkhani ikanathera pomwepo. Koma anali ataleredwa kuti inde wake azikhala inde.

"Ayi. Sindikukhulupirira kuti wina angadwale chifukwa cha paketi imodzi kapena ziwiri."

"Basitu! Nanga akanakhala poizoni, boma likanawalola bwanji?"

"Limawalola ndi muyeso. Pali mndandanda wa mankhwala ololedwa, ndipo aliwonse ali ndi malire ake. Mayiko ena ena mwa mankhwala amenewa sawalola n'komwe, ena amawalola. Akatswiri amakhala akuunikanso. Ife tili pansi pa lamulo la kuno. Ndipo pali china. Pamapaketi athu tinalemba BHT yekha. TBHQ sitinam'tchule. Ndiye kuti paketi iliyonse ikunena bodza m'dzina lathu."

"Ndinamva kuti mankhwala amenewa amauluka mu uvuni."

"Ena amauluka, inde. Mwina atsika. Angatiuze ndi a ku labotale, koma zotsatira zimatenga masiku khumi."

"Masiku khumi! Asitolo akufuna katundu lero, shelefu atikonzera kale. Wanena wekha kuti mwina atsika."

"Mwina sindingamusainire, amalume."

Amalume anaimirira, n'kupita pawindo. Panja anyamata ankaponyerana makatoni akuimba.

"Tsiku lija mayi ako anabwera nawe pano ulibe chochita, ndani anati mwanayu apite kusukulu akaphunzire za zakudya?"

"Ndinu."

"Ndiye lero sukuluyo ukundimenya nayo?"

"Zimene munanditumiza kukaphunzira ndi zomwezi. Mukanafuna wongosaina, bwenzi mutagula chidindo."

"Anthu makumi atatu amadya pano. Wawaganizira?" Anatembenuka, mawu atakwera. "Ndipo ngati pali wolakwa ndi Supuni. Maso alibe? Amangothira ngati makina! Wakalamba ameneyo, apite akapume."

"A Supuni anachita zimene tinawauza. Pepala lobwera ndi mafutawo silinafike patebulo langa, ndipo ndikuganiza kuti lili m'dirowa mwanumo. Ine ndinasaina masiku awiri osapita kukayang'ana chidebe. Olakwa tili m'chipinda muno, amalume, tonse awiri."

Dzanja la amalume linapita padirowa, koma silinatsegule. Munthu akamuloza pachilonda, kawirikawiri amayamba wakwiya asanavomere.

"Chabwino. Mapepala awiri unasaina, ali ndi dalaivala. Makatoni mazana awiri apita. La Lachitatulo khala nalo, ukalipachike pakhoma kwanu."

"Lole ikatuluka pageti, ine nditsatira pambuyo. Ndipita ku bungwe loona za zakudya, ndikawauze kuti zimene ndinasainira si zoona."

"Ukundiopseza?"

"Ayi. Ndikukuuzani pamaso kuti musadzamvere kwa ena."

"Ukatuluka pageti limenelo, usadzabwerenso. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Kasikelo anatuluka. Sanapite pabwalo. Analowa m'chipinda chosungira ufa, n'kutseka chitseko, n'kugwada pakati pa matumba. Pemphero lake silinali lalitali. Sanapemphe kuti apambane, pakuti kupambana amalume ako si chinthu chokondweretsa. Anangoti, "Atate, mukudziwa kuti ndimawakonda. Mundigwire kuti ndisabwerere m'mbuyo, ndipo mugwire pakamwa panga kuti ndisawanyoze." Atadzuka, maondo a siketi yake anali mbuu ndi ufa. Anavula chovala chake choyera cha ntchito, anachipinda bwinobwino, anachisiya pampando wake, n'kutenga chikwama.

Pabwalo nkhani inali itafika kale. Nkhani ya pafakitale ilibe miyendo koma imathamanga kuposa lole. Anyamata anali akutsitsa makatoni a Lachitatu monga analamulira abwana, ndipo nyimbo ija inali itatha. Kasikelo anadutsa pakati pawo, n'kukaima pambali pa geti, padzuwa.

Dalaivala, munthu wamfupi wokonda nthabwala, anasuzumira pawindo la lole. "Achemwali, mwasanduka alonda? Ngati mukufuna kukwera nenani, mpando ulipo. Koma kutsogoloku musagone, mabuleki anga ndi a mwezi watha."

"Sindikutsekerezani, a dalaivala. Njira yanu ndi iyo."

Mayi Wailesi anabwera akupukuta manja, n'kumukokera pambali. Ulendo uno mawu awo anali otsika.

"Mwana iwe, usatukwane ng'ona usanaoloke. Amalume ako ndi amalume ako. Ukachoka pano ukadya chiyani? Nanga ife? Taona, mabisiketi ophwanyika a Lolemba ndinatengera ana kunyumba. Adya, ndipo m'mawa uno amathamangitsana bwinobwino."

"Sadwala ndi za Lolemba, mayi, mtima ukhale m'malo. Koma malirewo sanaikire mwana wodya tsiku limodzi. Anaikira mwana amene adya lero, mawa, chaka chonse. Kuno bisiketi, uko tchipisi, kunyumba mafuta ophikira, ndipo zambiri mwa zimenezi zili ndi mankhwala omwewa. Aliyense wopanga akamati changa n'chochepa, zonse zimakakumana m'mimba mwa mwana mmodzi."

"Iii, koma ndani angadziwe? Bisiketi salankhula."

"Ine ndikudziwa. Inunso tsopano mukudziwa. Ndipo mlandu suola, mayi. A bungwe amatola mapaketi m'masitolo n'kukayeza. Akadzapeza okha, sadzatenga makatoni okha. Adzatseka geti lino."

Mayi Wailesi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Amayi anzawo anayang'anana, pakuti chinthu chotere anali asanachionepo.

Makatoni a Lachitatu atatha kutsika, dalaivala anakoka zitseko za kumbuyo n'kuzitseka. Koma sanalize injini. Pafakitale imeneyo lole sinkanyamuka chinyamukire. Katundu akapakiridwa, antchito onse ankasiya zimene akuchita n'kuzungulira lole, ndipo mwini fakitale ankaika dzanja pachitseko chake n'kupemphera. Ankapempherera msewu, dalaivala, ndi aliyense amene adzatsegule paketi. Anayamba zimenezi katundu akupita panjinga, ndipo sanadumphepo tsiku.

Dalaivala anatsika n'kuvula chipewa. Amayi anafika n'kuima m'mbali. A Supuni anatuluka pomaliza, akuyenda ngati munthu wochokera kumaliro, n'kukaima kumbuyo kwa onse.

Amalume anatuluka mu ofesi mofulumira, osayang'ana kugeti. Anafika pa lole, anaika dzanja pachitseko, anatsinzina.

"Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha tsiku lino. Tikupempha muyende ndi galimoto iyi pamsewu. Mum'sunge mwana wanu woyendetsayu, apite ndi kubwera mwamtendere."

"Ameni," anayankha ena chapansipansi.

Panatsala mawu amene aliyense ankawadziwa pamtima, opempha kuti ntchito ya manja awo ikakhale dalitso kwa wamkulu ndi mwana amene adzaidye. Anthu anadikira mitu ili pansi.

"Ndipo tikupempha kuti..." Amalume anatsokomola. "Tikupempha kuti ntchito iyi..."

Anaima. Kunamveka njiwa padenga ndi galimoto zodutsa kumsewu. Mayi wina anatsegula diso limodzi. Dzanja la abwana linali likadali pachitseko, koma milomo yawo inali itatsekeka, ndipo thukuta linkatsikira m'kolala ya malaya. Munthu angathe kunamiza wogula, angathe kunamiza boma, koma n'kovuta kutsinzina maso n'kupempha Mwini zonse kuti adalitse chimene iwe mwini ukuchikayikira.

Dalaivala anasinthanitsa miyendo. "Bwana, tinene ameni?"

Amalume anatsegula maso. Anachotsa dzanja pachitseko, n'kuliyang'ana ngati lapsa.

"Tsegula. Tsitsani."

"Onse, bwana?"

"Ndati tsitsani! Kodi m'makutu mwanu mwalowa ufa?"

Anyamata anathamanga. Amalume anatambasula dzanja kwa dalaivala, iye n'kuwapatsa mapepala awiri aja. Anawapinda n'kuwaika m'thumba. Pobwerera ku ofesi anadutsa pafupi ndi a Supuni, amene anali atatulutsa supuni yawo n'kuigwira ndi manja awiri ngati akupereka makiyi.

"Bwana, ngati ndi ine..."

"Bwezerani m'thumba, bambo. Safunsa adadya phula, ndipo wosafunsayo si inu." Sanaime, sanayang'anenso kugeti. Chitseko cha ofesi chinatsekeka mwamphamvu.

Windo linali lotsegula, choncho onse anamva foni. Anamva abwana akupereka moni mwaulemu, akufotokoza za mafuta atsopano ndi za mankhwala owirikiza, osabisa kanthu. Kenaka panali kumvetsera kwa nthawi yaitali. "Inde... Ndikumvetsa... Ngakhale sabata imodzi?... Ayi, ndamva. Zikomo." Foni inaikidwa pansi pang'onopang'ono.

Patapita kanthawi anatumiza uthenga kudzera mwa Mayi Wailesi, amene anaubweretsa pabwalo wopanda zokometsera. Asitolo sakanadikira. Shelefu ija aipereka kwa ena. Anati mwina adzawaganiziranso pakatha miyezi itatu, ngati atabweretsa zotsatira za ku labotale.

Mnyamata wina anaponya katoni pansi mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira. Mayi wina anayang'ana Kasikelo ndi diso lakuthwa, n'kutembenuka. Kasikelo anaona zonsezo, ndipo zinamupweteka. Zaka ziwiri za amalume ake zinali zitathera pa mzere umodzi wa tizilembo. Sanamve kukoma kulikonse mumtima. Koma sanakayike.

Poti lole sinatuluke, nayenso sanatuluke. Anabwerera m'kati, anavalanso chovala chake choyera, n'kuyamba ntchito. Analamula kuti makatoni onse mazana atatu aunjikidwe pakona imodzi ya nyumba yosungira katundu. Anawazunguliza tepi yofiira, n'kulembapo ndi zilembo zazikulu kuti asatuluke.

"Nanga sitingagawane?" anafunsa Mayi Wailesi akuyang'ana muluwo ndi maso achisoni. "Kutaya chakudya ndi tchimo, ukudziwa."

"Ndikudziwa, mayi. Koma chimene sindingagulitse kwa mwana wa mwini wake sindingachipereke kwa mwana wanu. Tidikire zotsatira, ndipo a bungwe atiuze chochita."

Anapita kwa a Supuni, n'kukhala nawo pathumba la shuga. Anagwirizana kuti kuyambira tsiku limenelo chidebe chilichonse chizidutsa kaye patebulo lake. Chothiridwa kale azichilemba mtanda pachivundikiro, ndipo cha mtanda asachithirenso. Anawauzanso kuti mapaketi akale aja sagwiranso ntchito pa mafuta atsopanowa mpaka atasindikiza ena otchula mankhwala enieni.

"Dzanja lizolowera?" anafunsa mowaseka pang'ono.

"Lizolowera, likapanda kutero ndilimanga kumbuyo," anayankha bamboyo. Kanali koyamba kumwetulira chichokere m'mawa.

Masana onse amalume sanatuluke. Chakudya chawo chinabwerera osachigwira. Kasikelo anadutsa pakhomo la ofesi kawiri, koma sanagogode.

Dzuwa litapendeka, anatenga mapaketi asanu ndi limodzi, awiri a tsiku lililonse, n'kuwaika m'kabokosi koti apite nako ku labotale. Kenaka anakhala pansi n'kulemba kalata yopita ku bungwe loona za zakudya. Analemba mosazungulira: kuti mafuta anasinthidwa Lolemba, kuti anali ndi TBHQ kale, kuti fakitale inaonjezera BHT mosadziwa, kuti iye monga woyesa anasaina masiku awiri osaona, ndi kuti palibe katoni imene yatuluka. Anapempha kuti awalangize. Anasaina m'munsi, n'kuyang'ana wotchi. Maofesi ankatseka pakatha ola limodzi ndi theka, ndipo minibasi za nthawi imeneyo zinkayenda ngati zikudwala.

Ananyamula kabokosi n'kuyamba kulowera kugeti. Anali pakati pa bwalo pamene anamva chitseko chikutseguka kumbuyo kwake.

"Iwe."

Anaima. Amalume anali pakhomo, tayi atavula, maso ofiira.

"Ukupita kuti ndi katundu wanga?"

"Ku labotale, amalume. Ndikasiyanso kalata ku bungwe."

"Lole sinatuluke. Kalata ya chiyaninso?"

"Makatoni mazana atatu sangangosowa m'mabuku popanda wofunsa. Ndi bwino amve kwa ife. Komanso ndi iwo angatiuze ngati pali njira yowapulumutsira."

"Bwera nayo."

Anawapatsa. Amalume anaiwerenga ataimirira pomwepo, milomo ikuyenda. Kasikelo anadikira kuti aing'ambe, ndipo mumtima anali atayamba kale kuilembanso. Atafika kumapeto, amalume anabwerera pamwamba n'kuwerenganso.

"Walemba kuti mafuta anasinthidwa. Anadzisintha okha?"

"Sindinafune kukutchulani."

"Dzina lako walemba, langa wabisa. Ukundiyesa mwana?" Anatulutsa cholembera m'thumba, anatsamiritsa kalatayo pakhoma, n'kuonjezera mzere umodzi m'munsi ndi zilembo zawo zazikulu zopendekera: kuti amene anagula mafutawo, osapereka pepala lake kwa woyesa, ndi iwo eni fakitale. Anasaina pafupi ndi dzina la mwana wa mlongo wawo.

"Ndikadakwiyabe," anatero osamuyang'ana. "Usaganize kuti zatha. Mwina ndikwiya mpaka Lamulungu."

"Ndamva, amalume."

Anatulutsa makiyi a galimoto, n'kulanda kabokosi m'manja mwake.

"Tiye. Kumeneko sukalowa wekha."